Mmisiri Wopanda Chikalata Ayesedwe

Ndiloleni ndinene mawu pang'ono pa nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima chibwerere ku tchuthi. Madzulo alionse tikalowa m'kalasi kukawerenga, wina amangodina switchi pakhoma ndipo chipinda chonse chimawala. Koma ndani mwa ife anaganizapo za munthu amene anakwawa m'denga kuyendetsa mawaya aja? Ine ndimamuganizira kawirikawiri, pakuti fizi imene ndikuphunzirira pano imachokera m'manja mwa munthu wotere.

Amalume anga ndi mmisiri wa magetsi. Iwo analekezera sukulu mu Sitandade 7 chifukwa chosowa ndalama, popeza chisanafike chaka cha 1994 sukulu ya pulayimale inali yolipira. Atapita ku tauni anayamba kunyamulira makwerero mmisiri wina wachikulire. Poyamba ntchito yawo inali kugoba khoma poika mapaipi, kenaka kukoka mawaya, kenaka kumanga masoketi, mpaka tsiku lina anasiyiridwa nyumba yathunthu. Tsopano papita zaka zoposa 25 akugwira ntchito imeneyi, ndipo anyamata amene anaphunzira kwa iwo ndi ambiri. Koma chikalata chochitira umboni luso lawo alibe, pakuti sanapite ku sukulu ya umisiri.

Vuto lake ndi ili. M'dziko muno ntchito yoika mawaya m'nyumba imafuna chilolezo cha bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndipo a ESCOM polumikiza magetsi amafuna mapepala osainidwa ndi mmisiri wachilolezo. Tsono amalume akatsiriza ntchito yawo amapita kukapempha munthu wina wachilolezo kuti awasainire. Munthuyo amadula gawo lake pa malipiro, ndipo nthawi zina amasaina osakwerako n'komwe m'denga. Tsiku lina tikudya anandiuza kuti, "Mphwanga, thukuta ndi langa, koma dzina ndi la wina." Mawu amenewa anandilasa mtima.

Musaganize kuti ndikudandaula za lamulolo, iyayi. Lamulo ndi labwino ndithu. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo amapha. Waya wochepa akasenzetsedwa katundu wamkulu amatentha mpaka kuyatsa denga. Nyumba yopanda waya wopita m'nthaka ikhoza kuchititsa kuti mwana agwidwe nyesi pongokhudza mbaula. Chotero sindikupempha kuti munthu aliyense wonyamula tesita m'thumba apatsidwe chikalata kaamba ka imvi zake. Chimene ndikunena n'chakuti munthu wodziwa ntchito ayesedwe, ndipo akakhoza alandire chikalata m'dzina lake. Kodi chabwino n'chiti, kuti woika mawaya ayesedwe yekha pamaso pa akatswiri, kapena kuti azibisala kumbuyo kwa siginecha ya munthu amene sanaone ntchitoyo?

Pa tchuthi ndinawaperekeza ku ntchito masiku atatu. Ndinawafunsa chifukwa chake amaika waya wa mamilimita 2.5 ku masoketi pamene ku mababu amaika wa 1.5. Iwo anati, "Wochepayo angatenthe," ndipo ananena zoona. Koma nditawafunsa kuti ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu angati, anaseka nati zimenezo n'za ku sukulu. Ndinatenga khala n'kulemba pansi, kugawa 2,000 ndi 230, ndipo tinapeza maampu pafupifupi 9. Apo anaona okha chifukwa chake fyuzi ya maampu 13 imakwana ketulo imodzi koma imapsa wina akaonjezapo simbi pa pulagi yomweyo. Anakondwa ngati mwana. Madzulo ake iwo anandipatsa pulayala kuti ndisende waya, ndipo ndinadula timawaya tam'kati katatu konse! Pamenepo ndinazindikira kuti chimene chikuwasowa iwo chikhoza kuphunziridwa pa miyezi yowerengeka, koma chimene chikundisowa ine chimafuna zaka.

Njira yoyesera anthu otere ilipo, ndipo si yachilendo. Kuyambira kale boma linali kuyesa amisiri pa mayeso a umisiri, munthu n'kumakwera kuchokera pa Giredi 3 kufika pa Giredi 2 mpaka pa Giredi 1. Bungwe la TEVETA, limene linayamba mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lili ndi njira yovomerezera luso limene munthu analiphunzira pa ntchito: woyesa amaona umboni wa ntchito zimene munthuyo anagwira kale, namuonanso akugwira ndi manja ake. Nanga n'chifukwa chiyani amisiri onga amalume sapitako? Ena sanamvepo n'komwe. Ena amaopa Chingerezi cha pa pepala la mayeso. Enanso amawerengera ndalama ya basi ndi masiku amene banja lidzagone ndi njala iwo ali ku mayeso.

Maganizo anga ndi awa. Choyamba, nkhani imeneyi ilengezedwe pa wayilesi m'zinenero zathu, kuti ifike kwa mmisiri ali pa makwerero. Chachiwiri, sukulu za umisiri monga za Soche, Lilongwe ndi Mzuzu zikhale ndi makalasi a madzulo a anthu ogwira kale ntchito, ophunzitsa masamu a magetsi ndi malamulo a chitetezo. Chachitatu, mayeso akhale okhwima pa zonse zokhudza moyo wa munthu, koma woyesedwa aloledwe kufotokoza m'chinenero chake, pakuti nyesi sifunsa ngati munthu amadziwa Chingerezi.

Wina adzati, "Kodi si kuwalakwira amene anakhala zaka m'kalasi?" Ine ndikuti ayi, malinga muyeso ukhale umodzi. Wochokera ku sukulu ndi wochokera ku ntchito aime pa bolodi limodzi, alumikize mawaya amodzimodzi, ndipo wolephera abwerere. Ndiponso ntchito ndi yambiri yokwanira onse. Makina oyamba a ku Nkula pa mtsinje wa Shire anayamba kupanga magetsi mu 1966, komabe kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 11 zokha ndizo zinali kuunikira magetsi. Nyumba zotsalazo zidzafuna amisiri, ndipo dziko silingathe kutaya amene lili nawo kale.

Pomaliza ndikutembenukira kwa ife ophunzira. Tili ndi chizolowezi choipa choyang'anira pansi munthu wovala ovololo, ngati kuti nzeru zonse zili mwa ovala tayi. Koma babu likathima m'chipinda chathu chogona, tonsefe ndi mabuku athu a Fizikisi timakhala mumdima kudikira mmisiri. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi mbale wake wotere, kaya wa magetsi, kaya womanga, kaya wokonza galimoto. Tikapita ku tchuthi tiwauze za mayesowa, tiwawerengere mafomu, tiwathandize masamu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ine ndawasiyira amalume kope langa la Fomu 3 la Fizikisi, ndipo tapangana kuti tchuthi chikudzachi tidzapita limodzi kukafunsa za kalembetsedwe ka mayeso. Iwo andilipirira sukulu zaka zinayi kuti ine ndidzakhale ndi chikalata. Ndidzachita manyazi kwambiri ngati ndidzalandira changa iwo akupemphabe siginecha ya wina.

Wophunzira wa Fomu 4