Thukuta la Mlimi Lisathere kwa Akathyali

Mlimi wa fodya wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula akalipira inshuwalansi amagula lonjezo. Kampani yopanda chiphaso ikagwa, lonjezolo limagwera nayo limodzi, pakuti panalibe woikakamiza kusunga chuma cholipirira anthu pa tsiku la tsoka.

Lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank of Malaŵi kukhala wopereka ziphaso zotere. Motero wochita malondawa popanda chiphaso ngwophwanya lamulo. Katundu wake agulitsidwe, ndipo oyamba kulipidwa akhale alimi ndi amasiye amene anaonetsa malisiti.

Atsogoleri a Chipani ndi alangizi ku Namitete, Mpingu ndi Nambuma aphunzitse anthu kufunsa chiphaso asanatulutse ngakhale tambala.