Mvula sidinditsa pasipoti pa Chiponde



Tikupempha kuti sukulu yathu ipeze sukulu ina ya ku Mozambique yoti ana athu aziphunzira nayo limodzi za mvula, madzi ndi mitengo. Tikudziwa kuti ena aona ngati nkhani ya sukulu za anthu olemera za m'tauni. Tiloleni tifotokoze chifukwa chake tikuti ndi nkhani yathu.

Namondwe wa Freddy adayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023. Adawoloka nyanja yonse ya India, kugunda Madagascar, kulowa ku Mozambique kawiri, kenako pakati pa March n'kufika m'chigawo chakummwera kwa dziko lathu, kumene adapha anthu mazanamazana. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, lidatsimikiza kuti adatha masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene adalembedwapo. Matope asanakokolole nyumba ku Chilobwe, anthu a ku Quelimane adali atalira kale.

Madzi athu nawonso ndi ogawana. Nyanja ya Malawi timamwa ndi anzathu a ku Tanzania ndi Mozambique. Nyanja ya Chiuta imathira m'nyanja ya Amaramba, madzi ake n'kupitirira mumtsinje wa Lugenda ku Mozambique. Shire amakathera mu Zambezi. Nyanja ya Chilwa, imene idauma mu 1968 ndi 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira mvula yogwa mbali zonse ziwiri za malire. Mwana amene akudziwa za mvula ya kwathu kokha akudziwa theka la nkhani ya matemba amene amadya.

Ntchito yotere idayamba kale kwina. Mu 1995 ku America kudayamba pulogalamu ya GLOBE, mothandizidwa ndi mabungwe monga NASA, ndipo idafalikira kumaiko oposa 100. Ana asukulu amayeza mvula, kutentha, mitambo, dothi ndi madzi potsata njira imodzi, ndipo zanyengo amaziyeza dzuwa likakhala paliwombo. Chifukwa choti onse amayeza mofanana, zimene wapeza mwana wa ku Kenya zimatha kuyerekezedwa ndi za mwana wa ku Thailand. Ife tingatengereko mwambo umenewu popanda kudikira kuti wina atibweretsere makompyuta.

Chofunika poyamba ndi chipangizo choyezera mvula, kope lachikuto cholimba, ndi ophunzira awiri tsiku lililonse oti aziwerenga nthawi yomweyomweyo, ngakhale patchuthi. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Choncho denga la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi limalandira malita 1,000 ikagwa mvula ya mamilimita 10. Mwana wa Fomu 2 angathe kuwerengera yekha madzi amene denga la mzikiti wathu limataya chaka chilichonse, pamene m'mwezi wa October timavutika kupeza madzi a wudhu. Akamaliza, atumize manambala ake kwa mnzake wa ku Mandimba kapena ku Lichinga, mnzakeyo atumizenso ake. Akaona kuti mvula idayamba mochedwa konsekonse, kapena kuti mtsinje wa uku ndi wamatope kuposa wa uko, adzafunsa chifukwa chake, ndipo sayansi imayambira pafunso lotero.

Nkhawa za makolo tikuzimva, ndipo n'zomveka. Yoyamba ndi ya mayeso a MSCE. Koma kuyeza mvula, kujambula magirafu ndi kufotokoza kukokoloka kwa nthaka zili kale m'maphunziro a Jogalafe ndi Zaulimi. Wophunzira amene wagwira chipangizocho ndi manja ake kwa miyezi isanu sadzavutika kukumbukira zimene anzake akuloweza pamtima.

Yachiwiri ndi ya mafoni. Palibe kholo lofuna kuti mwana wake, makamaka wamkazi, azicheza ndi anthu osawadziwa pa WhatsApp usiku. Ifenso sitikufuna. Uthenga wonse uzidutsa pafoni imodzi ya sukulu, yosungidwa ndi aphunzitsi, ndipo komiti izikhala ndi ufulu woona zonse zimene zatumizidwa. Koma nkhawayi isakhale chifukwa chosiyira atsikana kunja. Iwo ndi amene amatunga madzi ndi kutola nkhuni, ndipo amadziwa bwino mwezi umene chitsime chimaphwa kuposa abambo awo.

Yachitatu ndi ya chiyankhulo, poti anzathuwo amaphunzira m'Chipwitikizi. Komatu m'chigawo cha Niassa anthu ambiri amayankhula Chiyao ndi Chinyanja ngati ife, ndipo ena mwa inu muli ndi amalume ndi azakhali kumeneko. Nambala 25 imawerengedwa chimodzimodzi ku Namwera ndi ku Mandimba.

Sitikunena kuti kope la ana lidzaletsa namondwe kapena kubwezera chambo m'nyanja. Koma ena mwa ana amene ali m'makalasi athu lero adzakhala alangizi a zaulimi, mafumu ndi akuluakulu a boma, ndipo adzayenera kukambirana ndi maiko oyandikana nawo za usodzi, makala odutsa m'malire ndi madzi a Shire. Ndi bwino azolowere adakali ana kukambirana ndi mnzawo wa tsidya lija atagwira manambala amene onse akuwakhulupirira. Akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Pempho lathu ndi ili. Komiti igule chipangizo choyezera mvula ndi kope mvula yoyamba isanagwe. Makolo amene muli ndi abale ophunzitsa kusekondale ku Niassa, bwerani mudzatilumikize nawo. Ophunzira a Fomu 2 ndi Fomu 3 amene mungapirire kubwera tsiku lililonse, kalembetseni maina kwa aphunzitsi a Jogalafe. Tikayamba chaka chino, pofika April tidzakhala ndi nyengo yathunthu ya mvula yolembedwa ndi ana athu, Insha Allah.