NGODYA YA OPEKA NYIMBO: Kodi ma chord atatu akwanira?

Sabata yatha tinalandira kalata yocokera kwa mnyamata wina wa ku Katete amene tsopano akhala kwa amalume ace mu komboni ya Wusakile ku Kitwe. Iye akuti wapeka nyimbo zisanu ndi imodzi. Akamaziimba anthu abvina ndithu, koma pobalalika palibe ndi mmodzi yemwe amene apita kwao akung'ung'udza nyimbozo. Atate ace kumudzi anamlembera kale kuti ngati za gitala zakanika abwere adzagwire khasu mvula isanagwe. Funso lace ndi ili: kodi bvuto ndi lakuti adziwa ma chord atatu okha?

Iai mwana wathu, bvuto silili pamenepo. Tikuyankhani panopa kuti ndi anzanu ena amene ali ndi nkhawa yomweyo amve nao.

Tiyambe ndi kumasulira kwa awerengi amene sanagwirepo gitala. Aliyense amene anaimbapo m'kwaya adziwa do, re, mi, fa, so, la, ti. Chord ndi manotsi atatu omveka nthawi imodzi, monga do-mi-so, fa-la-do ndi so-ti-re. Pa gitala, poimba m'kiyi ya C, amenewa ndiwo acedwa C, F ndi G. Do-mi-so ndiye pakhomo pamene nyimbo iyambira ndi kutsirizira. Fa-la-do aicotsa pakhomopo, ndipo so-ti-re aikokera kubwerera. Atatuwa ali ngati mafuwa: mphika ukhazikika pa iwo ngakhale ukule cotani.

Mbiri ya ku Migodi icitira umboni. M'caka ca 1957 Hugh Tracey anayenda m'matauni a kumeneko kujambula nyimbo za oimba gitala a m'makomboni. Ambiri a iwo anali kuzungulira pa ma chord atatu omwewa, cala cacikulu cikuyendetsa besi pa nsambo zonenepa, cala colozera cikuimba nyimbo pa nsambo zoonda. Pakati pa zaka za m'ma 1970, pamene Mtsogoleri wa dziko a Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'Zambia muno, magulu a ku Kitwe monga WITCH ndi Amanaz anachuka, ndipo ku Ndola kampani za Teal ndi Zambia Music Parlour zinali kutulutsa malekodi ambiri. Pambuyo pace kalindula inafala dziko lonse, ndipo dzina lace lomwe linacokera ku cipangizo ca besi, cofanana ndi babatoni amene anyamata a kwathu apanga ndi cikopa ndi mtengo. Cimene tiphunzirapo ndi cakuti makolo a nyimbo zathu anasamala kwambiri za kayendedwe ka besi koposa kuwerenga ma chord.

Apa ndipo pabwera nkhani ya kutembenuza chord. M'kwaya, munthu wa besi kawirikawiri aimba do pamene anzace aimba mi ndi so. Koma palibe lamulo lomletsa kusinthana nao. Iye akatenga mi, anzace natenga do ndi so, chord ikhala yomweyo koma yatembenuzidwa, ndipo kamvekedwe kace kasintha. Do akakhala pansi, nyimbo imveka ngati munthu wokhazikika pa mpando. Mi akakhala pansi, imveka ngati munthu amene wanyamuka, phazi limodzi lili m'mwamba. So akakhala pansi, imveka ngati mlendo woima pabwalo amene wanena odi koma sanayankhidwe. Cotero pa ma chord anu atatu muli nao kale mamvekedwe asanu ndi anai.

Yesani izi madzulo ano. Gwirani C, besi yace ili pa mpata wacitatu wa nsambo yaciwiri kucokera pamwamba. Popita ku G musathamangire ku nsambo yonenepa koposa monga mucitira masiku onse. Khalani pa nsambo yomweyo, mubwerere mpata umodzi, ndipo mwapeza ti, amene ali mmodzi wa manotsi a G. Kenaka siyani nsamboyo yosagwira, ndipo mwafika pa la. Pamwamba pa la ikani do ndi mi, amene muwadziwa kale, ndipo mwapeza chord yacinai, A minor, ya kamvekedwe kacisoni. Besi yanu yatsika do, ti, la, pang'onopang'ono monga munthu wotsikira kudambo, m'malo molumphalumpha ngati cule. Cimodzimodzi pocoka ku C kupita ku F: musanasinthe, imbani nsambo yonenepa koposa yosagwira, imene ndiyo mi, kenaka muigwire pa mpata woyamba, ndiye fa. Khutu la womvera litsogozedwa bwino, ndipo adziwa kumene nyimbo ipita isanafike.

Cenjezo ndi ili: musatembenuze paliponse cabe cifukwa mwaphunzira catsopano. Chord yotembenuzidwa ndi ya pakati pa ulendo, pamene nkhani isanathe kapena pamene woimba afunsa funso. Pamene ndime itha, ndipo mwanena cimene munafuna kunena, bwezani do pansi kuti mtima wa womvera ukhale pansi nao.

Koma besi yokha siingapulumutse nyimbo imene mau ace ali opotoka, ndipo tiganiza kuti apa ndipo pagona bvuto leni-leni la mnyamata wathu. Anyamata ambiri ayamba ndi kupeza cuni pa gitala, kawirikawiri cofanana ndi ca nyimbo zakunja, ndipo pambuyo pace akankhiramo mau a Cinyanja mokakamiza. Aiwala kuti cinenero cathu cili ndi cuni cace-cace. Nenani mokweza kuti “mtengo” wa m'thengo, kenaka “mtengo” wa m'sitolo. Mudzamva kuti pa woyamba liu likwera pa “te”, pamene pa waciwiri likhala pansi mpaka kutha. Tsono mukapeka mzere wakuti mtengo wa ufa wakwera, cuni canu nicikweza “te”, mwaimba za mtengo wobala ufa. Anthu adzazindikirabe cimene mutanthauza, koma khutu lao lapunthwa, ndipo mzere wopunthwitsa khutu sukhala m'mutu.

Cinanso, pomaliza ciganizo ife tikoka mphatikizo wotsatana ndi wotsiriza. Ponena kuti “kumudzi” tikoka “mu”, ponena kuti “amai” tikoka “ma”. Cingelezi cilibe lamulo lotere, ndipo mizere yambiri ya nyimbo zace ithera pa liu lolemera. Mukabwereka cuni cotero, kugunda kwamphamvu kudzagwera pa “dzi”, ndipo mudzamveka ngati mlendo amene aphunzira kumene cinenero. Konzani kuti kusintha kwa chord kugwere pamene pakamwa pakoka mwacibadwa. Mverani malekodi a Alick Nkhata, amene anamwalira m'caka ca 1978: liu lililonse limveka poyera, ndipo oimba anzace amthandiza popanda kumphimba.

Cacitatu, nyimbo ikhale ndi nkhani imodzi ndi cinthu cimodzi cimene maso angaone. Nashil Pichen Kazembe anali wa ku Luapula, koma nyimbo yace ya Cinyanja ya “A Phiri Anabwera” ikumbukika kufikira lero. Cifukwa cace n'cakuti aliyense aona munthu amene anachona zaka zambiri akubwerera kwao ndi sutukesi yopanda kanthu, ndipo palibe mudzi wa Kum'mawa umene ulibe a Phiri ace otero. P.K. Chishala, mwana wa ku Kitwe, anatenga kulira kwa wanchito wamba pa za malipiro ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu naimba “Common Man”, ndipo ngakhale osadziwa bwino Cibemba anaimva. Nyimbo yonena za cikondi, za njala, za ulova ndi za imfa zonse pamodzi ili ngati ndiwo zosakaniza m'mphika umodzi, wodya sadziwa cimene wadya.

Tsono nchito yanu ndi iyi. Sankhani nyimbo imodzi mwa zisanu ndi imodzi zija, mupacike gitala pakhoma. Lembani mau okha, muwawerenge mokweza pamaso pa munthu wacikulire wa kwanu, monga azakhali kapena agogo. Akafunsa kuti mwati ciani, mzere umenewo ukonzeni. Cidindo ikani pamene liu lanu likwera ndi pamene likoka, ndipo cuni citsate zidindozo. Kenaka imbani mauwo ndi besi yokha, nsambo imodzi-imodzi, kufuna njira yaifupi yocokera pa notsi ina kufika pa ina. Ma chord abwere pothera peni-peni, ngati denga pa nyumba imene mizati yace yaima kale. Mukatero ndi nyimbo imodzi, citani cimodzimodzi ndi zinzace, pakuti akulu anati nyimbo imodzi siicezera gule.

Za kalata ya atate anu, ife sitiona mkangano pakati pa khasu ndi gitala. Pitani mukawathandize kubzala, gitala ili kumsana. Mmawa mukamva amai akusinja pamtondo, khalani pafupi mumvetsere mmene mau ao agwera pamodzi ndi munsi, ndi mmene waciwiri alandirira nyimbo pansi pa woyamba. Amenewo sanaphunzire dzina la chord ndi imodzi yomwe, koma nyimbo zao mwana azigwira tsiku lomwelo. Mukabwerera ku Kitwe mutilemberenso, mutiuze ngati anthu ayamba kupita nazo kwao nyimbo zanu.

Sabata yamawa tidzakamba za kolasi, ndi cifukwa cace iyenera kukhala yaifupi yoti khamu lingathe kubvomera.