Womutuma ndi womupha akudyera mbale imodzi

Wapolisi wolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo akaphedwa pantchito, boma limadziwa bwino chochita. Mbendera pabokosi, mfuti kulira m'mwamba, nduna kuvala zakuda n'kulengeza kuti dziko lataya ngwazi. Mawu akuti ngwaziwa ine andikwana. Omwalirawo ulemu akuyenera, inde, wambirinso. Koma mawuwa akangotuluka pamaliro aliyense amazyolika, ndipo funso lenileni limalowa m'manda limodzi ndi bokosi: munthuyu wafera chiyani, nanga anamugulitsa ndani?

Tengani nkhani ya Enrique Camarena, yemwe anzake ankamutchula kuti Kiki. Anali wa DEA, nthambi ya boma la America yolimbana ndi mankhwalawa, ndipo ankagwira ntchito mumzinda wa Guadalajara ku Mexico. Mu Novembala 1984 asilikali a dzikolo anawononga munda waukulu wa chamba wotchedwa Rancho Búfalo, eni ake n'kukhulupirira kuti anawaulula ndi Camarena. Pa 7 Febuluwale 1985 anamugwira dzuwa likuswa mtengo, akupita kukadya nkhomaliro ndi mkazi wake. Anamuzunza kwa maola oposa 30 uku akujambula mawu ake pa tepi. Mtembo unapezeka mu Malichi m'chigawo cha Michoacán. Anali ndi zaka 37, anasiya ana atatu.

Pambali pake panagona mtembo wina, wa Alfredo Zavala, woyendetsa ndege wa ku Mexico amene ankamuthandiza kupeza mindayo. Chaka chilichonse mu Okutobala ana asukulu ku America amavala kansalu kofiira pokumbukira Camarena. Za Zavala munamvapo? Ngakhale imfa ili ndi pasipoti, abale.

Tsono mvetsani apa. Patangopita masiku ochepa Camarena atagwidwa, Rafael Caro Quintero, mmodzi wa mabwana a gulu limene linamugwiralo, anali pabwalo la ndege la Guadalajara, apolisi atamuzungulira. Mkulu wa apolisiwo anakambirana naye pang'ono, basi ndege n'kunyamuka. Ndalama zinayankhula. Caro Quintero anadzagwidwa ku Costa Rica, anamasulidwa mu 2013, anagwidwanso mu 2022, n'kutumizidwa ku America mu 2025. Zaka 40 kuthamangitsana ndi munthu mmodzi. Nanga malonda aja anatha? Gulu la Guadalajara litaphwasuka linabereka ena, monga la Sinaloa ndi la Tijuana, ankhanza kuposa kholo lawo. Mu 2022 mokha anthu oposa 100,000 anafa ku America chifukwa chopyola muyezo wa mankhwalawa.

Mwina mukuti zimenezo n'zakalekale. Chabwino. Mu Disembala 2006 Pulezidenti Felipe Calderón anatumiza asilikali kukamenyana ndi magulu amenewa. Nduna yake yoona za chitetezo cha anthu, bwana wa apolisi a boma lalikulu, inali Genaro García Luna. Mu 2023 khoti la ku New York linapeza García Luna wolakwa pamlandu wolandira ziphuphu kuchokera ku gulu la Sinaloa, ndipo anagamulidwa kukakhala kundende zaka zoposa 38. Taganizirani wapolisi wamba amene anavala yunifolomu m'mawa pazaka zimenezo, kutsanzika ana, kukwera galimoto kukasaka anthu amene akulipira bwana wake. Akaphedwa, wokayala mbendera pabokosi ndi boma lomwelo. Fisi kuyendetsa mwambo wa maliro a mbuzi!

Ndalama zake zimadutsa kuti? Mu 2012 banki ya HSBC inavomera kuti madola osachepera 881 miliyoni a magulu a mankhwala a ku Mexico ndi Colombia anadutsa m'mabuku ake. Inalipira chindapusa cha madola pafupifupi 1.9 biliyoni, koma palibe bwana wa banki amene anagona kundende. Mfuti zake? Pakati pa 2009 ndi 2011 nthambi ya ATF ya boma la America inalekerera dala mfuti pafupifupi 2,000 kuti zigulidwe ndi ozembetsa, ati pofuna kuzilondola mpaka kwa mabwana. Zambiri zinasowa. Ziwiri zinapezeka pamalo pamene wolondera malire Brian Terry anaphedwera ku Arizona mu Disembala 2010.

Ndikudziwa wina akuti, ndiye tingowasiya zigawengazo zizichita zofuna zawo? Ayi. Amene anazunza Camarena ndi akupha, ndende ndiyo malo awo. Ndipo wapolisi amene amakana envelopu, podziwa kuti kukanako kungamuphetse, ndi munthu wolimba mtima kuposa ambiri a ife olemba pa intaneti. N'chifukwa chake moyo wake suyenera kutchipa chonchi. Kuyambira 1971, pamene Richard Nixon analengeza kuti mankhwalawa ndiwo mdani wamkulu wa dziko lake, njira ndi yomweyo: wogula ali phee, wosunga ndalama ali phee, wogulitsa mfuti ali phee, koma mnyamata wa malipiro ochepa ndiye apite kutchire. Mu Okutobala 2019 apolisi 13 anaphedwa tsiku limodzi atawalalira ku Aguililla, m'chigawo cha Michoacán chomwe chija. Kunja kwa Mexico palibe amene amavala kansalu chifukwa cha iwo.

Njira zina zilipo. Dziko la Portugal mu 2001 linasiya kutsekera munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa ntchito yekha, linayamba kumuona ngati wofunika thandizo la chipatala, uku ogulitsa akuimbidwabe milandu. Mutha kutsutsana nazo, koma iwo anayesako kuganiza. Ena aja angochulukitsa mabokosi.

Boma limene likulemekezadi apolisi ake liyambire pamwamba: lifufuze chuma cha mabwana apolisi ndi nduna, litsekere wa banki wotsuka ndalama monga limatsekera mnyamata wonyamula thumba, litseke njira ya mfuti. Likapanda kutero, nduna isavutike kubwera kumaliro. Ingotumiza chipepeso kwa mayi wamasiyeyo, n'kumuuza dzina la amene anadya ndalama.