Mpira ndi Kope Zisalekane

Ana athu akamaliza sukulu ya kumudzi, ambiri amapita kutauni: ku Tete, ku Lichinga, ena ku Beira. Kumeneko ana ngambiri, zipinda nzocepa. Ena amalowa m'mawa, ena masana. Mwana woweruka masana amatsala ndi theka la tsiku. Kodi amakhala kuti?

Tikudziwa. Amakhala pokwerera mabasi. Amakhala kumsika, kugulitsa malonda a eni. Ena amayamba mowa ndi camba.

M'mabayiro ena aphunzitsi ndi acinyamata amasonkhanitsa ana akaweruka. Amayamba ndi kope: masamu, kuwerenga, kulemba Cipwitikizi. Akatha, amalowa m'bwalo la mpira. Mwana amabwera cifukwa ca mpira, nabwerera kwawo atalemba nchito ya kusukulu.

Koma pakati pathu alipo amene amati mpira ngwa alesi. Amauza amalume a kutauni kuti mwana asapite, makamaka mtsikana: atunge madzi, alere mwana. Ife tikukana maganizo amenewa!

Maria Mutola anakulira ku Chamanculo, ku Maputo. Ankasewera mpira ndi anyamata. Wolemba ndakatulo José Craveirinha anaona liwiro lake, namulimbikitsa kuthamanga. Mu 2000, ku Sydney, anapambana golide pa mamita 800. Akadamutsekera kukhicini, bwenzi tikumudziwa?

Tikukananso ena, ndipo awa ndi oopsa kuposa oyamba aja. Ndi amene amafuna miyendo ya mwana, osafuna mutu wake. Amamulonjeza timu yaikulu, namuuza kuti kope lidikire. Nzeru imeneyi tikuidziwa, ndi ya atsamunda. Mu 1960 Eusébio wa ku Mafalala anapita ku Lisboa kukagoletsa zigoli za Benfica. Portugal inaomba m'manja. Koma pofika 1975, mwa anthu 10 alionse a dziko lino, 9 sankadziwa kuwerenga. Ambiri a ife m'kalasi muno tikugwira colembera tsitsi litayamba imvi. Bondo la mwana likathyoka ali ndi zaka 19, timu ija idzamusunga?

Amayi ndi abambo, tsopano tikudziwa kulemba kalata. Tilembere amalume kutauni. Tiwafunse kumene mwana amakhala akaweruka. Ngati bwalo lilipo, apite okha akaone: kodi pali bolodi ndi coko? Kodi atsikana alipo? Kodi mphunzitsi wa mpira amatsegula kope la mwana asanamupatse yunifomu?