Akuti ndi thobwa la azungu

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 23 ndipo ndili ndi pathupi pa miyezi inayi. Amuna anga amayendetsa thiraki yopita ku Joni kudzera ku Mwanza. Akamabwera amandigulira botolo loyera lolembedwa Malibu, lonunkhira kokonati, lotsekemera zedi. Akuti si mowa, ndi thobwa la azungu. Mwana wathu wa zaka zitatu nayenso amamulawitsa. Ndikakana amakhumudwa, ati ndikunyoza mphatso. Nditani?

Mayi wodandaula,
Zalewa, Neno

Mwana wanga,

Wachita bwino kufunsa. Chimene chili m'botolomo ndi mowa, tisanamizane.

Chakumwachi gwero lake ndi kuzilumba za Caribbean. Ku Puerto Rico amasakaniza mkaka wa kokonati, madzi a chinanazi ndi rum, mowa waukali wotcheza kuchokera ku nzimbe, n'kupanga chomwe amachitcha piña colada. Pa Khirisimasi mabanja amakonzanso china pakhomo chotchedwa coquito. Wokonza yekha amadziwa mlingo wa mowa umene wathira, ndipo akafuna cha ana sathiramo n'komwe. Cham'botolo chimabwera chothirathira kale kufakitale.

Tatembenuza botololo uwerenge: lalembedwa 21%. Mowa wamba wa m'mabotolo ukali wake umakhala cha m'ma 5%. Ndiye kuti ukadzaza tambula imodzi, wamwa ngati matambula anayi a mowa wamba. Shuga ndi kokonati zimangobisa kuwawako. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ukamwa iwe, khanda m'mimbamo lamwanso, chifukwa mowa umadutsa m'magazi ako n'kukalipeza. Chiwindi chake n'chosakhwima. Zotsatira zake ndi kupita padera, kubadwa masiku asanakwane, kapena mwana wovutika kuphunzira moyo wake wonse. Madokotala amati palibe mlingo wa mowa wosaopsa kwa mayi woyembekezera. Kwa wazaka zitatuyo, ngakhale pang'ono pamatha kutsitsa shuga m'thupi mpaka kukomoka. Botololo lichoke pomwe iye angafikire.

Siya lero, koma usadzizunze ndi zomwe zapita. Ukapita kusikelo ukawauze anamwino mosabisa kuti wakhala ukumwa chiyani komanso kangati.

Bambowo usawalalatire, adagula kaamba ka chikondi. Athokoze, aonetse nambala ya pabotoloyo, kenako apemphe mupitire limodzi kusikelo akadzimvere okha. Auze kuti mphatso yokukomera pano ndi mkaka, mazira, nsomba ndi manachesi a ku Mwanza omwe amawadutsa pamsewu. Akakakamirabe, itana ankhoswe.

Azakhali