PHUNZIRO LA NKHONDO YA LUMPA

M'maboma a Lundazi, Chama ndi Chinsali mukali nkhalamba zimene zimagwa nkhope zikamva caka ca 1964 cikuchulidwa. Kwa anthu ambiri m'Zambia cimeneci ndi caka ca cimwemwe, pakuti pa 24 October dziko linalandira ufulu wodzilamulira. Koma m'miyezi yocepa ufuluwo usanafike, anthu oposa 700, monga mwa ciwerengero ca Boma, anaphedwa pa nkhondo ya pakati pa asilikari ndi anthu a mpingo wa Lumpa. Nkhani imeneyi iyenera kusimbidwa kwa ana m'midzi, cifukwa ionetsa pamene mphamvu ya Boma iyenera kulekezera pa zakupemphera, ndiponso tsoka limene ligwera mpingo ukataya nzeru.

Mpingo wa Lumpa unayamba ndi Mai Alice Lenshina a m'mudzi wa Kasomo, m'boma la Chinsali. M'caka ca 1953 maiwa anadwala kwakayakaya, ndipo atatsitsimuka ananena kuti anakomana ndi Yesu amene anawatuma kudzalalikira. Anabatizidwa pa mishoni ya Lubwa, pamene anabadwira a Kenneth Kaunda, koma pofika 1955 anali atapatukana ndi amishoni. Ciphunzitso cao cinali cakuti anthu aleke ufiti, mowa ndi mitala. Makamu a anthu anayenda mitunda yaitali kukatula nyanga ndi zithumwa ku Kasomo, ndipo mu 1958 anatsiriza kumanga nyumba yaikuru ya njerwa yopemphereramo. Kufikira apa panalibe cifukwa coti mwazi ukhetsedwe.

Mavuto anabuka pa nkhani ya ndale. Cipani ca UNIP cinali kufuna kuti munthu aliyense akhale ndi khadi lake, pamene a Lumpa anauzidwa ndi atsogoleri ao kuti asalowe m'zandale, ndipo ena anatentha makhadi ao poyera. Anyamata a cipani anayamba kuotcha nyumba zopemphereramo za a Lumpa, a Lumpa nao anabwezera, ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri. Mu 1963 a Lumpa ambiri anasamuka m'midzi yao nakamanga midzi yatsopano yozingidwa ndi malinga a mitengo, osapempha malo kwa mafumu.

A Kaunda, amene panthawiyo anali Nduna Yaikuru, analamula kuti midzi imeneyo ipasulidwe pofika pa 20 July 1964. A Lumpa anakana. Patapita masiku ocepa apolisi ena anaphedwa pa mudzi wina wa a Lumpa ku Chinsali, ndipo asilikari anatumizidwa. Pa 30 July asilikariwo analowa ku likulu la mpingo ku Kasomo, kumene kunafa anthu ambiri. Pa 3 August a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, napha anthu osalakwa, ndipo tsiku lomwelo mpingo wonse unaletsedwa. Kubwezera kunatsatira: pa mudzi wa Paishuko anthu a m'midzi yozungulira anapha a Lumpa oposa 40, akazi ndi ana omwe. Enanso zikwi zambiri anathawira ku Congo.

Colakwa ca a Lumpa sicibisika. Anthu onyamula mikondo, nkhwangwa, mauta ndi mfuti za gogodera anathamangira asilikari okhala ndi mfuti zamakina, ena mwa iwo ali kukhulupirira kuti zipolopolo zidzasanduka madzi. Zipolopolo sizinasanduke madzi. Munthu aliyense amene anaonapo nyama italasidwa ndi mfuti akadatha kudziwa zimenezo, koma mkati mwa malinga aja munalibe malo a munthu wofunsa mafunso. Mpingo umene uuza anthu ake kuti kufunsa ndi kucimwa umafika poika ana ake pakamwa pa mfuti.

Komanso Boma ndi cipani sizingasambe m'manja. Kukakamiza munthu kugula khadi la cipani ndiko kunayatsa moto. Amene anapha anthu ku Lundazi anayenera kuimbidwa milandu aliyense pa dzina lake, koma ciletso cinagwera onse, ngakhale nkhalamba imene nchito yake inali kuimba nyimbo za Mulungu cabe. Mai Lenshina anadzipereka okha m'mwezi womwewo wa August, koma sanaimikidwe pa bwalo kuti ayankhe mlandu wa nkhondoyo. Anasungidwa kufikira 1975, kenaka anakhala moyang'aniridwa m'Lusaka, kumene anamwalira pa 7 December 1978.

Cina cimene anthu amaiwala ndi ici. Cifukwa ca cipolowe ca Lumpa, mu July 1964 kunalengezedwa lamulo la nthawi ya ngozi, lopatsa Boma mphamvu yosunga munthu popanda kumzenga mlandu. Nkhondo inatha caka comweco, koma lamulolo linakhalabe zaka 27, kufikira 1991. Mu 1972 mphamvu yomweyo inagwira a Simon Kapwepwe, mwana wa ku Chinsali komweko, amene anali m'modzi wa nduna za Boma pamene a Lumpa anali kuthamangitsidwa. Akuluakulu sananame ponena kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Alipo ophunzira ena amene akamva nkhani yotere amagamula kuti cipembedzo ciri conse ndi mdani wa nzeru, kotero kuti munthu ayenera kusankha cimodzi. Anthu a kum'mawa sasowa kupita kutali kuti aone ngati mau amenewa ndi oona. Cipatala ca St Francis ku Katete, ca Mwami pafupi ndi Chipata ndi ca Nyanje ku Sinda zinamangidwa ndi mipingo. M'menemo m'mawa mumamveka pemphero, koma wodwala malungo amapimidwa magazi napatsidwa mankhwala, ndipo mai amene mwana wapingasa m'mimba amacitidwa opaleshoni. Sukulu zambiri zoyamba m'cigawo cino zinatsegulidwa ndi amishoni, ndipo ana amene anaphunzira kuwerenga Baibulo ndiwo anaphunziranso masamu. Mlimi amene amapempha mvula kwa Mulungu salekera pomwepo, amapalira ndi kuthira fetereza pa nthawi yake. Palibe amene amati mlimiyo wasowa cikhulupiriro.

Cotero cikhulupiriro ndi nzeru zikhoza kugona m'nyumba imodzi. Cizindikiro ca mpingo umene wasokera sicivuta kuciona: umaletsa ana kupita ku sukulu, umaletsa odwala kupita ku cipatala, umachula anansi onse kuti adani, ndipo mau a mtsogoleri wake safunsidwa. Cizindikiro ca Boma limene lapyola malire nconso coonekeratu: limasiya kuweruza zimene munthu wacita niliyamba kuweruza zimene ziri mumtima mwake.

Malamulo akuru oyendetsera dziko la Zambia, pa ndime 19, apatsa munthu aliyense ufulu wopembedza monga afuna, wosintha cipembedzo cake, ndi wolalikira kwa ena. Ngakhale a Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ufulu umenewu sunacotsedwe kwa Msilamu, kwa Mhindu, kapena kwa munthu wothira nsembe kwa makolo ake. Ndime yomweyo ilola Boma kulowererapo pamene moyo, umoyo kapena ufulu wa anthu ena uli pangozi.

Nchito yosunga malire amenewa iyambira pa mudzi. Mfumu ndi nyakwawa asalande munthu munda cifukwa ca mpingo umene apempherako. A cipani asayese khadi lao ngati ciphaso colowera pa msika kapena pa citsime. Abusa ndi akulu a mpingo alole akristu ao kufunsa, ndipo akaona mwana wodwala amtumize ku cipatala pemphero litatha. Ku Lundazi ndi ku Chinsali zinthu zinayamba ndi mikangano yaing'ono yotereyi, imene ikadatha kukambidwa pa bwalo asilikari asanaitanidwe.